Chuma Chakale Chopezeka M'nthaka: Kodi Ndi Cha Yani, Nanga Wochipeza Achite Chiyani?

CHIPATA – M'maboma ena a chigawo cha Kum'mawa, monga Vubwi, Petauke ndi Lumezi, anthu ambiri akhala akufunafuna golide m'zaka zaposachedwapa. Ena amasefa mchenga m'mitsinje, ena amakumba migodi ing'onoing'ono, ndipo ena amayenda m'thengo atanyamula makina ofufuzira zitsulo pansi pa nthaka, amene ambiri amangowatchula kuti detekita. Makinawa akalira, mwini wake amakumba ali ndi chiyembekezo chopeza kamwala ka golide.

Koma makinawa sasiyanitsa golide wobadwira m'mwala ndi golide amene anasulidwa ndi manja a munthu zaka 500 zapitazo. Amaliranso akadutsa pa chibangili cha mkuwa, pa mphete, kapena pa khasu limene linaikidwa m'manda pamodzi ndi mwini wake. Zinthu ziwirizi zimayendera malamulo awiri osiyana. Golide wa m'mwala ndi nkhani ya malamulo a migodi, amene amafuna kuti wokumba akhale ndi laisensi. Chokongoletsera chakale ndi nkhani ya lamulo loteteza chuma cha makolo, ndipo lamulo limenelo linapereka masiku 14 okha kuti wochipeza akanene.

Mmene makinawa amagwirira ntchito

Kumapeto kwa ndodo ya detekita kuli chimbale chokhala ndi waya wokulungidwa m'kati mwake. Magetsi a m'batire akamadutsa m'wayamo, amatulutsa mphamvu yonga ya maginito imene imalowa m'nthaka. Mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo, chitsulocho chimabweza chizindikiro, makinawo n'kulira. Makina wamba amatha kumva kanthu kakang'ono ngati ndalama yachitsulo pa kuya kwa masentimita 20 kapena 30.

Zimene makinawa samva ndi zambiri kuposa zimene amamva. Samva mikanda ya galasi, mapale a miphika, mafupa, makala, zigoba za nkhono za m'nyanja, ngakhale nsalu. Komatu zinthu zimenezi ndizo zimauza akatswiri ofukula zakale kuti chibangili chinali cha yani, chinavalidwa liti, ndiponso chinachokera kuti. Munthu amene watsatira kulira kwa makina n'kuzula chitsulo chokha, zina zonse amazimwaza ndi fosholo. Nkhani ya ku Ingombe Ilede, kumwera kwa dziko lino, ikuonetsa bwino kukula kwa zimene zimatayika motero.

Manda a ku Ingombe Ilede

Pamene damu la Kariba linali kumangidwa, pakati pa 1955 ndi 1959, Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje wa Zambezi anasamutsidwa m'midzi yawo. Ena mwa iwo, pafupifupi 6,000, anawapititsa ku Lusitu, kumunsi kwa damulo. Deralo ndi louma, choncho boma linayamba ntchito yobweretsa madzi. M'chaka cha 1960, antchito amene anali kukumba maziko a thanki ya madzi pa kaphiri kotchedwa Ingombe Ilede anakumana ndi mafupa a anthu pamodzi ndi zokongoletsera. Dzina la malowa ndi la Chitonga, ndipo limatanthauza ng'ombe yogona. Linachokera pa mtengo wa mlambe umene unagwa n'kumaoneka ngati ng'ombe ili chigonere.

Uthenga unafika kwa akuluakulu oyang'anira zinthu zakale, ndipo James Chaplin anapita kukafukula malowo ntchito ya thanki isanapitirire. Iye anapeza manda 11 a anthu olemera. Mu 1961 ndi 1962, Brian Fagan wa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Livingstone anapitiriza ntchitoyo, ndipo manda onse opezeka pamalopo anaposa 40.

Ena mwa anthu a m'manda olemerawo anaikidwa atavala mikanda ya golide m'khosi, zibangili zambirimbiri za mkuwa m'mikono ndi m'miyendo, mikanda ya galasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya Indian Ocean, ndiponso mphande zosemedwa ku zigoba za nkhono za m'nyanja. Pambali pawo panali mipukutu ya waya, zida zachitsulo zokokera waya, mabelu achitsulo, ndi mitanda ya mkuwa yolemera makilogalamu oposa awiri umodzi. Mitanda ya mtundu womwewo inapezekanso ku Hurungwe, kumpoto kwa Zimbabwe, zimene zikuonetsa kuti mkuwa unali kuwoloka Zambezi pa malonda. Zinthu zimenezi zinatengedwa kukasungidwa ku Livingstone Museum.

Kansalu kamene kanakonza mbiri

Golide ndi mkuwa sizinena zaka zake. Njira imene akatswiri amadalira kwambiri poyeza ukale wa zinthu imagwira ntchito pa zinthu zimene zinakhalapo ndi moyo, monga mtengo, fupa kapena thonje. Chamoyo chilichonse chimakhala ndi kaboni wa mtundu wina wotchedwa carbon-14. Chamoyocho chikafa, kaboniyo amayamba kuchepa, ndipo amatsika ndi theka pa zaka 5,730 zilizonse. Poyeza kaboni amene watsala, akatswiri amadziwa nthawi imene chinthucho chinafa.

Poyamba, akatswiri anayeza makala a m'nthaka ya pa kaphiripo ndipo anaganiza kuti mandawo ndi a zaka zoposa 1,000 zapitazo. Mu 1968 David Phillipson anakafukulanso malowo, ndipo zotsatira zake zinasunthira mandawo ku zaka za m'ma 1300 ndi 1400. Kwa zaka pafupifupi 50, mabuku a mbiri yakale anaphunzitsa zimenezo.

Koma pansi pa zibangili panali patatsala tizidutswa ta nsalu ya thonje. Dzimbiri la mkuwa limapha tizilombo toola zinthu, choncho nsalu imene inakhudzana ndi zibangilizo sinaole yonse. Ofukula a mu 1960 anatola tizidutswato n'kutisunga. M'chaka cha 2017, Susan McIntosh ndi Brian Fagan anafalitsa zotsatira za kuyeza nsalu ya m'manda awiri pogwiritsa ntchito makina amakono, ndipo zinaonetsa kuti anthuwo anaikidwa m'zaka za m'ma 1500.

Kusiyana kwa zaka 100 kapena 200 kumeneku kunasintha kamvedwe ka nkhani yonse. Apwitikizi anamanga linga ku Sofala mu 1505, ndipo m'zaka za m'ma 1530 anali atafika ku Sena ndi ku Tete. Izi zikutanthauza kuti amalonda a ku Ingombe Ilede anali pa chimake cha chuma chawo pa nthawi imene malonda a pa Zambezi anali kusintha chifukwa cha alendowo. Antchito a thanki aja akanatola golide n'kukankhira zotsala m'dzenje, kansalu kameneko sikakanapezeka, ndipo lero sitikanadziwa zimenezi.

Zimene zili m'nthaka ya Chipata ndi madera ozungulira

Chigawo cha Kum'mawa nachonso chili ndi malo ambiri akale. Phillipson yemweyo, amene anagwira ntchito m'bungwe loyang'anira zipilala ndi malo akale la dziko lino, anafukula mapanga a Makwe ku Katete, Thandwe pafupi ndi Chipata, ndi Kalemba ku Chadiza. Ku Kalemba anapeza umboni wakuti anthu anakhalako zaka zoposa 30,000 zapitazo. Ku Kamnama, kumpoto kwa Chipata, anapeza mudzi wa alimi amene anali kuyenga chitsulo pafupifupi zaka 1,600 zapitazo. Zotsatira za ntchitoyi zinatuluka m'buku mu 1976.

M'zaka za pambuyo pake, dera lino linali mbali ya ufumu wa Maravi. Kutsidya kwa malire, ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza ku Malawi, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anafukula malo amene anali likulu la Kalonga. Kumeneko anapeza mikanda ya galasi, zidutswa za mbale za ku China, zinthu za mkuwa ndi minyanga ya njovu yosemedwa. Buku lake la mu 2020 linaonetsa kuti Achewa anali kuchita malonda ndi maiko akutali kalekale.

Likulu lakale la Undi linali ku Mano, dera limene lero lili m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo m'zaka za m'ma 1700 Apwitikizi anali kukumbitsa golide m'dziko lake. Mu 1798 Francisco de Lacerda anachoka ku Tete, n'kudutsa m'dziko la Achewa, kuwoloka Luangwa, pa ulendo wopita kwa Mwata Kazembe. Njira zimenezo zinalipo iye asanabwere, ndipo Abisa anali kuyendamo ndi mkuwa ndi minyanga. Choncho munthu wokumba m'munda, pa gowa, kapena pa bwinja la mudzi m'chigawo chino akhoza kukumana ndi mikanda kapena zibangili za nthawi imeneyo.

Anthu a Chipata akudziwanso mtengo wa mphekesera za golide. Carl Wiese, Mjeremani amene ananena kuti analandira chilolezo kwa Mpezeni, anagulitsa chilolezocho, ndipo pambuyo pake chinafika m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration, imene inakhulupirira kuti dziko la Angoni lili ndi golide wochuluka. Mapeto ake anali nkhondo ya mu 1898 ndi kuphedwa kwa Nsingo, mwana wa Mpezeni. Golide wochuluka amene kampaniyo inayembekezera sanapezeke.

Zimene lamulo la Zambia linakhazikitsa

M'chaka cha 1989, nyumba ya malamulo inakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission, limene mwachidule limatchedwa NHCC. Lamulo lake ndi chaputala 173 cha malamulo a dziko la Zambia. Lamuloli linaika malire pa tsiku la 1 January 1924: zinthu zopangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito ndi anthu tsikuli lisanafike, pamodzi ndi manda, mabwinja, ng'anjo ndi zojambula za pa miyala za nthawi imeneyo, ndi zotetezedwa. Lamuloli siliyang'ana kuti chinthucho ndi cha golide kapena cha dothi. Mphika wosweka ndi mkanda wa golide zili pa mzere umodzi.

Wopeza chinthu chooneka ngati chakale anapatsidwa maudindo atatu. Woyamba ndi kudziwitsa bungweli pasanathe masiku 14. Wachiwiri ndi kuimitsa ntchito pamalo amene wapeza chinthucho kwa masiku 30 kuchokera pamene wapereka uthengawo, pokhapokha bungwe litamulola kupitiriza msanga. Wachitatu ndi kupereka chinthucho ku bungweli, kapena kulipempha kuti libwere kudzachiona ndi kuchitenga.

Lamuloli silinaletse kulima, kumanga, kapena kukumba migodi mwa nthawi zonse. Mlimi amene khasu lake lafukula mkanda sanalakwe. Kulakwa kumayamba pamene munthu abisa chimene wapeza, kuchiwononga, kukumba dala pofunafuna zinthu zakale popanda chilolezo, kapena kuchitulutsa kunja kwa dziko popanda kalata ya bungweli. Chilango chake ndi chindapusa, ndende, kapena zonse ziwiri. Chinthu chimene mwini wake sangadziwike chimaonedwa kuti ndi cha bungweli, ndipo lamuloli lilinso ndi ndime zonena za chipukutamisozi ndi za kugula zinthu zotere kwa eni ake. Kuwonjezera apo, kulowerera manda ndi mlandu pa malamulo a milandu a dziko lino, ndipo pa mwambo wathu manda ali m'manja mwa nyakwawa ndi eni mbumba.

Mmene zimakhalira ku Britain

Nkhani zambiri za anthu olemera chifukwa cha detekita, zimene zimafala pa intaneti, zimachokera ku Britain, kumene kufufuza zitsulo m'minda ndi masewera a anthu ambiri. Ndi bwino kudziwa mmene dongosolo lawo lilili, chifukwa ndi losiyana ndi lathu.

Mu 1985, munthu wina wofufuza ndi makina pafupi ndi linga la Middleham ku Yorkshire anapeza chokongoletsera cha m'khosi cha golide chokhala ndi mwala wa safiro, chopangidwa m'zaka za m'ma 1400. Lamulo la nthawi imeneyo linali kuteteza golide ndi siliva amene anabisidwa dala, osati amene anangotayika. Choncho chokongoletseracho chinagulitsidwa pa malonda opikisana mitengo ku Sotheby's mu 1986. Pambuyo pake Yorkshire Museum inachita kusonkhetsa mapaundi 2.5 miliyoni kuti chisatuluke m'dzikomo.

Mu 1996 anakhazikitsa lamulo latsopano lotchedwa Treasure Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 1997 ku England, Wales ndi Northern Ireland. Malinga ndi lamuloli, chinthu cha zaka zosachepera 300, chimene magawo 10 pa 100 alionse ndi golide kapena siliva, ndi chuma cha dziko. Wochipeza ayenera kudziwitsa mkulu wa boma wotchedwa coroner pasanathe masiku 14. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ikachifuna, komiti ya akatswiri imaika mtengo, ndipo ndalamazo zimaperekedwa ngati mphotho, imene kawirikawiri wopeza ndi mwini munda amagawana pakati.

Umu ndi mmene zinakhalira ku Staffordshire mu July 2009, pamene munthu wina anapeza golide wa zaka za m'ma 600 wolemera makilogalamu pafupifupi 5 m'munda wa mlimi. Iye anakanena, akatswiri anabwera kudzafukula malo onse, ndipo wopeza ndi mwini munda anagawana mapaundi 3.285 miliyoni. Chumacho chikusungidwa ku Birmingham ndi ku Stoke-on-Trent.

Ku Herefordshire zinayenda mosiyana. Mu 2015 amuna awiri anapeza mphete ndi chibangili cha golide pamodzi ndi ndalama zasiliva pafupifupi 300, zimene zinakwiriridwa m'zaka za m'ma 800. Iwo anabisa zambiri n'kuyamba kugulitsa mwamseri. Mu 2019 khoti la ku Worcester linawagamula kukhala m'ndende zaka 10 ndi zaka 8 ndi theka, ngakhale kuti khoti la apilo linachepetsako zakazo. Ndalama zambiri mwa zimenezo sizinabwezedwe.

Masiku 14 ndi ofanana m'maiko awiriwa, koma zolinga zake zimasiyana pang'ono. Ku Britain munthu amaloledwa kufufuza ndi makina ngati mwini munda wavomera ndipo malowo si otetezedwa. Ku Zambia kukumba pofunafuna zinthu zakale kumafuna chilolezo cha NHCC, ndipo wopeza asaganize kuti mphotho za ku Britain zimabwera zokha kunonso.

Zitsanzo ziwiri za kuno kumwera kwa Africa

Mu 1895, ku dziko limene lero ndi Zimbabwe, azungu ena anayambitsa kampani ya Rhodesia Ancient Ruins, imene ntchito yake inali kukumba mabwinja a miyala pofunafuna golide. Anasakaza malo ambiri, ndipo zokongoletsera zochuluka zinagulitsidwa kapena kusungunulidwa. Mphika, mkanda wa galasi ndi fupa anali kuzitaya ngati zinyalala. Mbiri ya malo amenewo inawonongeka kosabwerera.

Ku Mapungubwe, pa malire a South Africa, Zimbabwe ndi Botswana, zinatsala pang'ono kukhala chimodzimodzi. Kumayambiriro kwa 1933 amuna asanu amene anakwera phirilo n'kupeza golide anagawana chumacho. Koma mmodzi wa iwo, mnyamata amene anaphunzirapo pa yunivesite ya Pretoria, anatumiza zina kwa mphunzitsi wake, Leo Fouché. Yunivesiteyo inasonkhanitsa golideyo n'kuyamba kufukula mwadongosolo. Chifukwa cha zimenezo, dziko lapansi linadziwa za ufumu wa zaka za m'ma 1200 ndi chipembere chake cha golide, ndipo mu 2003 bungwe la UNESCO linaika Mapungubwe pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse.

Zoyenera kuchita mukapeza chinthu chakale

Choyamba, lekani kukumba. Ngati pali mafupa, mikanda kapena mapale, zisiyeni mmene zilili, chifukwa malo amene chinthu chilichonse chagona ndi umboni. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri, musachitsuke. Musachikweche ndi mchenga, phulusa, mandimu kapena sopo, ndipo musachiyese ndi moto kapena asidi kuti muone ngati ndi golide. Dzimbiri lobiriwira la pa mkuwa likhoza kukhala litasunga ulusi wa nsalu, monga zinachitikira ku Ingombe Ilede.

Chachitatu, jambulani chithunzi ndi foni chinthucho chili pamalo pake, mutaika chinthu chodziwika kukula kwake pambali, monga bokosi la machesi. Lembani tsiku ndi zizindikiro za malowo, kenaka phimbani dzenjelo ndi nthambi kapena thumba kuti mvula ndi ziweto zisawononge.

Chachinayi, dziwitsani a nyakwawa ndi mwini munda, kenaka bungwe la NHCC, limene likulu lake lili ku Lusaka. Amene ali kutali akhoza kupempha ofesi ya bwanamkubwa wa boma lawo, khonsolo, kapena apolisi kuti awathandize kufikitsa uthengawo. Ngati pali mafupa a munthu, apolisi ayenera kudziwa msanga. Sungani kalata kapena uthenga wa pa foni wosonyeza tsiku limene munanena.

Chachisanu, musalengeze malowo pa Facebook kapena pa WhatsApp akatswiri asanafike. Mbiri ya golide imayenda msanga, ndipo gulu la anthu okhala ndi mapiki likhoza kufafaniza malo akale usiku umodzi.

Pali chenjezo lina kwa okhala m'malire a dziko la Mozambique, kumene kunali kuchitika ziwembu za nkhondo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Detekita imaliranso pa zipolopolo ndi mabomba amene sanaphulike. Chitsulo chooneka ngati chida cha nkhondo musachikhudze. Chokanipo ndipo kauzeni apolisi.

Wogula wa mseri amalipira golide pa sikelo, malinga ndi magalamu ake, ndipo mkanda wakale ukasungunulidwa sungasiyanitsidwe ndi golide wina aliyense. Mkanda womwewo ukaperekedwa pamodzi ndi dothi, makala ndi mapale ake, umatha kuuza ana a sukulu a ku Chipata, Katete ndi Chadiza kuti makolo awo anavala chiyani, anagula kwa yani, ndiponso anayenda njira ziti. Amene akufuna kuona zinthu zotere akhoza kupita ku Livingstone Museum, ku Lusaka National Museum, kapena ku Nsingo Community Museum ku Feni, m'dera la Nkhosi yama Nkhosi Mpezeni, kumene kukusungidwa mbiri ya Angoni.